Ndeke za pa Kompyuta Zisagwetse Mabuku a Kopaletivu

Ndeke ikamveka m'mwamba ku Katete, Sinda kapena Vubwi, mwana amaika khasu pansi n'kuyang'ana kumitambo. Ena mwa ana amenewa amalakalaka kudzayendetsa ndeke, ndipo masiku ano angayambe kuyeserera ali m'nyumba ndi mapulogalamu a pa kompyuta ochedwa flight simulator. Mwana akhoza kunyamuka pa bwalo la ndeke la Chipata n'kukatera ku Mfuwe asanacoke pa mpando.

Odziwika kwambiri ndi atatu: Microsoft Flight Simulator imene inayamba mu 1982, X-Plane ya kampani ya Laminar Research, ndi FlightGear imene ndi yaulere.

Koma inu makolo, pali cinthu cofunika kusamala. Kompyuta ya m'nyumba nthawi zambiri imakhala imodzi. Ndi momwemo muli maina a mamembala a kopaletivu olandira fataleza wa FISP, ndiponso mabuku a ndalama za parishi. Mapulogalamu a ndeke amadya malo ambiri: Microsoft Flight Simulator ya mu 2020 imafuna malo okwana 150 GB. Mwana amaonjezerapo ndeke zina ndi mabwalo ena, n'kusinthanso makonzedwe a mabatani. Tsiku lina pulogalamu imakana kutseguka. Pofuna kukonza mwamsanga, amafafaniza mafaelo mwacisawawa, ndipo mabuku a kopaletivu amapita nawo.

Mlimi wanzeru sasakaniza mbewu m'thumba limodzi. Cimanga ca makolo cimakhala pacokha, ca haibulidi pacokha. N'cimodzimodzi pa kompyuta.

Coyamba, mwana akhale ndi akaunti yakeyake pa Windows, yopanda mphamvu za administrator. Motero sangathe kulowa m'mafaelo a atate kapena amai ake. Mabuku a kopaletivu ndi a parishi muwakoperenso pa fulashi ndi kuisunga kwina.

Caciwiri, asunge makonzedwe amodzi osawakhudza. X-Plane yonse imakhala mu foda imodzi, conco ngati malo alipo angaikopere kawiri: ina yophunzirira ndi kandeke ka Cessna 172, ina yoyeseramo zatsopano. Malo akacepa, akopere foda ya preferences yokha, imene ili mkati mwa Output, cifukwa ndimo musungidwa zimene iye wasintha. Mu Microsoft Flight Simulator, zoonjezera zimalowa mu foda ya Community. Pulogalamu ikayamba kuvuta, azitulutse zonse ndi kuzibwezera cimodzicimodzi kufikira apeze colakwa.

Cacitatu, asinthe cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, ndipo alembe m'kabuku tsiku ndi cimene wasintha, monga mmene mumalembera tsiku lobzala ndi lothira fataleza. Akasintha zinthu zisanu nthawi imodzi, sadzadziwa cimene caononga.

Cacinayi, aganizire za malaiti. Tonse tikumbukira cilala ca mu 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri. Malaiti akazima pulogalamu ili mkati moika zatsopano, mafaelo angaonongeke. Ndi bwino kukhala ndi makonzedwe awiri: a zithunzi zooneka bwino pamene malaiti alipo, ndi opepuka pamene laputopu ikuyendera batire kapena sola. Musaiwalenso mabandulo. Microsoft Flight Simulator ya mu 2024 imakoka zithunzi zambiri za dziko pa intaneti pamene munthu akuuluka, ndipo ndalama yogulira mbewu ingathere pamenepo. Amene intaneti imawavuta ayambe ndi FlightGear.

Tisanamizane, pulogalamu ya m'nyumba siipereka laisensi. Imene imapereka ndi Civil Aviation Authority, munthu ataphunzira pa sukulu yovomerezeka, ndipo ku Lusaka kuli ZASTI imene imaphunzitsa nchito za ndeke. Kuti mwana akafike kumeneko, afunika kukhoza bwino masamu, sayansi ndi Cizungu.

Komabe woyendetsa ndeke weniweni sanyamuka asanaone zonse zolembedwa pa mndandanda wake. Mwana amene waphunzira kusunga mafoda mwadongosolo, ndi kulemekeza mabuku a makolo ake, wayamba kale khalidwe limenelo. Musamulande kompyuta. Khalani naye pansi, mugawane malo ndi nthawi. Paja akulu anati m'mera mpoyamba.