Kukoka nyambo yamoyo kumbuyo kwa bwato: momwe asodzi a ku America amawedzera walleye



Mafuta a injini akwera, maukonde akwera, ndipo si banja lililonse lingathe kukhala ndi chilimira. Koma mbedza, chingwe ndi nkhafi sizisowa pakhomo la munthu wa kugombe. N'chifukwa chake lero ndikufuna ndifotokoze njira ina ya mbedza imene anzathu a ku America ndi Canada amaphera nsomba yotchedwa walleye, kuti tione chomwe tingatolepo.

Walleye kuno kulibe. Imapezeka m'nyanja za madzi opanda mchere monga Lake Erie ndi Lake of the Woods, ndipo anthu a dera la Minnesota amaikonda mpaka anaisankha kukhala nsomba ya dera lawo. Maso ake amanyezimira mumdima ngati a mphaka. Imaona bwino pamene nsomba zinzake sizikuona, choncho imadya m'mbandakucha, madzulo, usiku, kapena madzi akavunduka. Masana imakonda kukhala pansi, m'mbali mwa miyala ndi pamene pansi pa nyanja payamba kutsetsereka. Amene amadziwa kampango wamva kale kuti khalidweli si lachilendo.

Vuto la nsombayi ndi lakuti ndi yochenjera pakamwa. Ikagwira nyambo n'kumva kulemera, imalavula. Nzeru zonse za asodzi a kumeneko zagona pa zinthu ziwiri: nyambo iyende pang'onopang'ono pafupi ndi pansi ngati kanthu kamoyo kamene kakudziyendera, ndipo nsomba isamve chitsulo mpaka mbedza italowa.

Kamangidwe koyamba amakatcha Lindy Rig, ndipo kanatchuka ku Minnesota kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kudzera mwa abale awiri, Al ndi Ron Lindner. Mtovu wake uli ndi bowo. Chingwe chachikulu chimadutsa m'bowomo osamangidwa, kenako chimamangidwa ku kachitsulo kozungulira kotchedwa swivel, kamene kamaletsa mtovu kutsikira ku mbedza komanso kamaletsa chingwe kupotana. Kuchokera pa swivel pamabwera chingwe china chopyapyala, mita imodzi kapena awiri, ndipo kumapeto kwake mbedza yaing'ono. Basi. Bwato likamayenda, mtovu umakwawa pansi, nyambo ikusambira pambuyo pake. Msodzi amagwira chingwe ndi chala. Akangomva kugogoda, sakoka ayi, amamasula. Chingwe chimatsetsereka m'bowo muja, mtovu n'kutsala pomwe unali, nsomba n'kumapita ndi nyambo osamva kanthu. Amadikira masekondi angapo, n'kukunga chingwe pang'onopang'ono mpaka amve kulemera kwa nsomba, ndiye n'kukoka. Apa mpamene pali luso lonse, ndipo n'zovuta kwa ife amene tinazolowera kuti nsomba ikagunda, dzanja lathamanga kale.

Kamangidwe kachiwiri ndi ka pamiyala. Amakatcha bottom bouncer, ndipo kanachokera ku madamu akuluakulu a mtsinje wa Missouri ku Dakota. Ndi waya wopindidwa ngati chilembo L, mwendo wautali pafupifupi masentimita 30, mtovu uli pakati pa mwendowo. Chingwe chachikulu chimamangidwa pokhota, chingwe cha nyambo pa mkono waufupi. Nsonga ya waya ndiyo imagunda pansi, kudumpha miyala ngati ndodo ya munthu woyenda mumdima, ndipo mbedza imakhala m'mwamba pang'ono osakodwa. Patsogolo pa mbedza ambiri amaika mikanda ingapo ndi kachitsulo konyezimira kooneka ngati supuni yaing'ono, kamene kamazungulira m'madzi. Kuwala ndi kunjenjemera kwake kumaitana nsomba kuchokera patali. Sipoki ya njinga ndi nati yolemera zingagwire ntchito ya wayayo, ndipo kachitsulo konyezimira mungadule pa chivundikiro cha chitini. Chonde musamasungunule mtovu wa batire m'poto wophikira kapena pafupi ndi ana. Mtovu ndi poizoni, umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete.

Pa kulemera ali ndi lamulo losavuta: magalamu pafupifupi 28 pa mamita atatu alionse a kuya. Pa mamita 6 ndiye magalamu 56, pa mamita 9 magalamu 84. Poti sikelo m'bwato mulibe, yang'anani chingwe. Chizilowa m'madzi chopendekeka pakatikati, osati choimirira ngati mzati, osatinso chogona kutali kumbuyo. Chikagona, mtovu wachepa kapena mwathamanga.

Liwiro ndilo linandikopa pa nkhaniyi. Akamakoka kachitsulo kozungulira kaja amayenda makilomita awiri pa ola, kupitirira kapena kucheperapo pang'ono. Ndi Lindy Rig amachepetsanso, osafika ndi kilomita imodzi. Munthu woyenda pansi amapita makilomita anayi kapena asanu pa ola, ndiye mukuona kuti ndi ulendo wa nkhalamba yopita ku msikiti. Iwo amagula mainjini a magetsi odula kuti bwato liyende pang'onopang'ono chotere. Ife nkhafi imachita zomwezo kwaulere, ndiponso mopanda phokoso. Kamphepo kakakhala kofatsa mungangolola kuti kakukankheni, inu n'kumawongola. Sindikunena mwera wa mu June ndi July ayi. Umenewo bwato likhale pamtunda.

Nyambo zawo ndi zitatu: nyongolotsi zazikulu, misundu ndi tinsomba tating'ono. Kansomba amakakolowetsa pa milomo kuti kazisambira choongoka. Mukakabaya pakati pa thupi kamazungulira ngati tsamba ndipo kamafa msanga. Msundu amaubaya pa kamlomo kake komatira. Nyongolotsi amaikola kumutu kokha kuti itambasuke, ndipo ikakhala yaitali amaika mbedza yachiwiri chakumbuyo, chifukwa nsomba imakonda kudula mchira n'kuthawa. Kuunjika nyongolotsi yonse pa mbedza ngati mpira, monga amachitira ana pogwira mphuta za m'dambo, pano sikugwira.

Nanga kwathu zingathandize pa nsomba ziti? Chambo muiwale, chakudya chake ndi ndere ndi tizinthu tating'ono ta m'madzi. Njirayi ndi ya nsomba zolusa. Kampango ndiye woyamba, poti amasaka pansi ndiponso mumdima. Mlamba ndi sungwa ku Malombe ndi mu Shire nazonso zimadya zinzake, ndipo poti Malombe ndi nyanja yosaya, mtovu wochepa ukwanira. Ncheni ndi nkhani ina. Iye amathamangitsa usipa pakati pa madzi, osati pansi, choncho waya wogunda miyala alibe ntchito. Chofunika ndi kudziwa kuya kumene ali. Werengani mikwamba ya chingwe imene mwatsitsa. Mukakhala awiri m'bwato, wina atsitse mikwamba isanu, wina khumi. Amene wayamba kupha, mnzake afanane naye. Mukapha pamalo, zindikirani phiri kapena mtengo wa kumtunda kuti mudutsenso pomwepo, chifukwa ncheni sayenda yekha. Mano akenso ndi akuthwa, choncho chingwe cha kumbedza chikhale chokulirapo ndipo muzichisisita ndi chala mukapha nsomba iliyonse. Chikakhakhala, sinthani.

Usipa ndi nyambo yabwino koma suchedwa kufa. Mu ndowa ya padzuwa mpweya umatha msanga. Musaunjike wambiri, ikani ndowa pamthunzi, ndipo muzisintha madzi pafupipafupi. Kambuzi ndi utaka waung'ono amapirira kuposa usipa.

Ena mwa inu mundifunsa ngati n'zololedwa kubaya chamoyo ndi mbedza. Ma sheikh amasiyana pa nkhaniyi. Ena amaona kuti ndi kuzunza cholengedwa cha Allah popanda chifukwa chokwanira, makamaka ngati nyambo yakufa ingagwire ntchito yomweyo. Ena amalola pamene munthu akufuna chakudya cha banja lake, osati masewera. Maganizo anga ndi akuti yambani ndi usipa wongofa kumene, wosaphwanyika. Kumbuyo kwa kachitsulo kozungulira, bwato likuyenda, umaoneka ngati wamoyo ndithu. Ngati mwagwiritsa ntchito wamoyo, tengani wokwanira tsikulo basi, osasiya ndowa yonse ifere padzuwa.

Chinthu china chimene a ku Minnesota amalimbikira kwambiri n'chakuti nyambo yotsala saloledwa kuitaya m'madzi, poopa kusamutsa matenda ndi mitundu yachilendo kuchoka nyanja ina kupita ina. Ife izi zikutikhudza koposa iwo, chifukwa nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina. Ku Lake Victoria anthu analowetsa nsomba yolusa yotchedwa Nile perch m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo mitundu yambirimbiri ya tinsomba ta m'nyanjamo inatha. Ndiye nyambo muzitenga m'madzi omwewo amene mukuwedzamo. Ya m'damu la alimi kapena ya ku Chilwa isalowe m'nyanja yaikulu. Ndipo musanayambe, funsani a BVC kapena mlangizi wa za usodzi wa kugombe kwanu za malo ndi miyezi yoletsedwa, makamaka pafupi ndi zilumba za paki ya ku Cape Maclear, kumene kuwedza m'mphepete sikuloledwa.