Dongo, mapesi ndi makala: luso la ana a mkombaphala ku Mitundu ndi ku Nathenje

Makrayoni amapezeka pa msika wa Mitundu ngakhalenso m'magolosale a pa Nathenje, koma mlezi wa sukulu ya mkombaphala ya kumudzi sangawagule mwezi ndi mwezi. Alezi ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndipo ndalama imene makolo asonkha imathera ku ufa ndi shuga wa phala. Komatu mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika kuumba, kujambula ndi kumata, chifukwa zala zimene zidzagwire pensulo mu sitandade 1 zimakhwimira pa ntchito zoterezi.

Dziko la Malawi lidakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya kakulidwe ka ana aang'ono mu 2003, ndipo maphunziro a alezi amalimbikitsa kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamudzi. Kuno kummwera kwa Lilongwe, zinthuzo zimabwera ndi nyengo.

Dzinja ndi la dongo. Mvula ikakhazikika mu Disembala, dothi la kudambo limafewa, ndipo mlezi wochangamuka amakatapa ndowa imodzi n'kuchotsamo timiyala. Mwana amayamba ndi kupsipsintha chabe, kenako amakulunga kampira, kenako kanjoka. Tsiku lina amatsina mbali ziwiri za kampirako, nyanga n'kutuluka. Akankha ndi chala chachikulu pamsana, linunda lija ilo. Ng'ombe yabadwa. Wina adzaumba kamphika monga amaonera agogo ake, wina foni, wina kabaza wa miyendo itatu. Zoumbazi zimaumikidwa pamthunzi, pakuti dzuwa limazing'alula. Ndi nthawi yomweyonso ya mango: njere yoyamwidwa bwino, ikatsukidwa n'kuuma, imasanduka chidole cha tsitsi lopesa.

Masika akafika mu Epulo ndi Meyi, zipangizo zimachuluka mpaka kusowa poika. Phesi la chimanga likasendedwa limapereka timizere tolimba ndi mtima wofewa, ndipo pobaya timizereto mu mtimawo ana amapanga magalasi a m'maso, njinga ndi galimoto. Kusendako ndi kwa mlezi, chifukwa khungu la phesi limacheka. Zitsononkho zimavekedwa tinsalu totsala kwa telala. Makoko a mtedza, umene umalimidwa kwambiri m'derali, amamatidwa pa katoni ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa.

Apa mlezi asagone. Njere za nsatsi n'zokongola koma ndi poizoni, nyemba zing'onozing'ono zimalowa m'mphuno, ndipo masamba a fodya si oseweretsa ana.

M'chilimwe, amayi akamazira nyumba, ana amapeza utoto: katondo wofiira, phulusa loyera, makala ophwanya akuda. Burashi ndi kamtengo kotafunidwa kumapeto, kapena nthenga ya nkhuku. Mitundu imeneyi si yachilendo m'dziko lino. Mtunda pang'ono potsata msewu wa M1 kulowera ku Dedza kuli mapanga a Chongoni, amene UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Pa malo 127 pali zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi Nyau. Mwana wa kuno amene akupaka katondo pa katoni akugwira ntchito imene makolo a dera lino adaidziwa kalekale.

Chodetsa nkhawa ndi chizolowezi cholamula ana onse kukopera chithunzi chimodzi cha mlezi: nyumba ya makona anayi, dzuwa pakona, basi. Mwana akajambula phiri la Bunda lofiira, lokhala ndi mbuzi yaikulu kuposa phirilo, safunika kumukonza. Afunsidwe kuti afotokoze chimene wajambula, ndipo m'kufotokozamo amaphunzira kulankhula, kuwerengera miyendo ya mbuzi ndi kutchula mitundu.

Makolo ena amadandaula kuti ana akubwera ndi malaya amatope m'malo mwa mawu a Chingerezi. Dandaulo limeneli n'lomveka, sopo ngodula. Chimene komiti ya sukulu ingachite ndi kupempha malaya akale oti ana azivala poumba, kumanga kathandala koti chiswe chisadye zamapesi, ndi kuitana makolo pakutha kwa teremu kuti mwana aliyense aonetse yekha ntchito ya manja ake.