Phokoso la Ndege: Boma Limaliyeza Bwanji, Nanga Amathandizidwa Ndani?

Anthu okhala pafupi ndi mabwalo akuluakulu a ndege adazolowera kudula nkhani pakati. Mphunzitsi amasiya kuphunzitsa, wolalikira amayamba wadikira, ndipo mayi amene wangogoneka kumene mwana amayambanso kumtonthoza. Komatu boma likafuna kuthandiza anthu otere, silidalira madandaulo okha ayi. Limachita kafukufuku n'kujambula mzere pamapu. Amene ali mkati mwa mzerewo amawerengedwa ngati ovutika, ndipo amene ali kunja amauzidwa kuti phokoso lawo n'lopiririka. Zimene zachitika m'dziko la America zikutiphunzitsa kulemera kwake kwa mzere umenewu.

Phokoso amaliyeza ndi muyeso wotchedwa decibel. Likawonjezeka ndi madecibel 10, khutu la munthu limalimva ngati lawirikiza kawiri. Bungwe la boma la America loyang'anira za ndege, la FAA, silitenga phokoso la ndege imodzi palokha. Limaphatikiza phokoso la ndege zonse za chaka chathunthu n'kupeza nambala imodzi yoimira tsiku. Ndege iliyonse yodutsa pakati pa 10 koloko usiku ndi 7 koloko m'mawa imawonjezeredwa madecibel 10, kutanthauza kuti ndege imodzi ya usiku imawerengedwa ngati ndege 10 za masana. Muyeso umenewu amautcha DNL.

Potsatira lamulo la 1979, boma lidakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Part 150, imene imalola bwalo la ndege kujambula mapu a phokoso. Malire ake ndi DNL 65. Nyumba ndi sukulu za mkati mwa malirewo zimatha kulandira ndalama za boma zoikira mazenera ndi zitseko zotchinga phokoso, ndipo nyumba zina boma limazigula kuti eni ake asamuke. Banja limene nyumba yake ili tsidya lina la msewu, kunja kwa mzere, kawirikawiri silipeza kanthu ngakhale likumva ndege zomwezo.

Nanga nambala ya 65 idachokera kuti? Mu 1978 katswiri wina, Theodore Schultz, adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wa phokoso la magalimoto, sitima ndi ndege. Ntchito yake itakonzedwanso mu 1992, idaonetsa kuti pa DNL 65 anthu pafupifupi 12 mwa 100 alionse ndiwo amasautsidwa kwambiri. Kwa zaka zambiri boma lidatsamira pa chiwerengero chimenechi.

Mu Januwale 2021 FAA idatulutsa zotsatira za kafukufuku watsopano, amene adafunsa anthu oposa 10,000 okhala pafupi ndi mabwalo 20. Pa DNL 65 yomweyo, osautsidwa kwambiri adapezeka kuti ndi pakati pa 60 ndi 70 mwa 100 alionse. Ngakhale pa DNL 50, kutali ndi mzere uja, osautsidwa adaposa 12 aja. Kunena kwina, anthu amene kwa zaka zambiri ankaoneka ngati ongodandaula chabe ankanena zoona. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti nambala imodzi yoimira tsiku imabisa kuchuluka kwa ndege. Ndege zochepa zaphokoso kwambiri ndi ndege zambirimbiri zaphokoso locheperako zikhoza kupereka nambala yofanana, koma munthu amene tulo take tadulidwa kakhumi amadziwa kusiyana kwake. Mu 2023 FAA, pounikanso ndondomeko yake, idapempha maganizo a anthu.

Nkhani ya mzinda wa Phoenix ikuonetsa mbali ina. Mu Sepitembala 2014 FAA idasintha njira za ndege zonyamuka pa bwalo la Sky Harbor, ndipo ndege zidayamba kudutsa pamwamba pa madera amene kale adali achete. Akuluakulu a mzindawo pamodzi ndi magulu a anthu a m'maderawo adakasuma, ndipo mu Ogasiti 2017 khoti lidagamula kuti FAA sidatsate njira yoyenera. Anthuwo adapambana chifukwa adagwirizana, adasunga umboni, ndipo adaphunzira kuwerenga zikalata za boma.

Mpingo suona nkhaniyi ngati ya akatswiri okha. M'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, Papa Fransisko adatchula phokoso pakati pa zinthu zimene zikuwononga moyo wa anthu m'mizinda. Tulo, bata lopempherera ndi kalasi mmene mwana angamve mawu a mphunzitsi, zonsezi zimakhudza ulemu wa munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Ndege n'zofunika pa chitukuko, koma chilungamo chimafuna kuti amene akusenza mtolo wa chitukukocho asaiwalike, makamaka osauka amene alibe kothawira.

Kwathu kuno ndege za ku Chileka ndi ku Lumbadzi n'zochepa poyerekeza ndi za ku America, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulo lathu la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa mmene zidzakhudzire anthu ndi chilengedwe. Choncho tikupempha akatekisti, atsogoleri a miphakati ndi a Chilungamo ndi Mtendere kuti, msonkhano wotere ukaitanidwa, apiteko atakonzekera mafunso. Kodi phokoso layezedwa pati, ndipo nthawi yanji? Kodi ndege za usiku zawerengedwa? Kodi sukulu, chipatala ndi tchalitchi zili pamapu? Nanga okhala kunja kwa mzere adzadandaula kwa yani? Mafunso amenewa afunsidwe mapu asanasainidwe, pakuti mzere ukajambulidwa umatha kukhala zaka makumi angapo osasinthidwa.