Anthu Amene Anakonza Mabwalo a Gofu

Gofu ndi masewera omenya kampira kakang'ono ndi ndodo kufikira katalowa m'kadzenje, ndipo bwalo lathunthu liri ndi maenje 18. Mu Lusaka bwalo lakale ndilo la Lusaka Golf Club, limene linayamba m'caka ca 1935, caka comweco cimene likulu la Boma linasamuka ku Livingstone kudza kuno. Lina liri ku Chainama Hills, m'mbali mwa msewu wopita ku Chelstone. Kumigodi nako alipo mabwalo, monga a Nchanga, Nkana ndi Mufulira. Maina a anthu opambana pa masewerawa analembedwa, koma a amene anazula zitsa ndi kubzala udzu sadziwika kwenikweni.

Pa bwalo pali nchito ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi ya wolinganiza, amene ayenda pa thengo nasankha poyambira kumenya mpira, pokumba dzenje ndi pothira mcenga. Yaciwiri ndi ya wosunga udzu, amene authirira, naudula, nacotsa ciswe ndi zomera zosafunika masiku onse. Ku Scotland, kwao kwa masewerawa, munthu mmodzi anachuka pa nchito zonse ziwiri. Iyeyu ndi Old Tom Morris, wobadwa mu 1821, amene anasunga bwalo la St Andrews zaka zoposa 35 namwalira mu 1908. Iye anaphunzitsa anzace kuwaza mcenga pa udzu wa pafupi ndi dzenje kuti ukhale wosalala, ndipo osunga mabwalo acita comweco kufikira lero.

Nzeru za ku Scotland sizinakwanire kuno, pakuti mvula imagwa kuyambira Novembala kufikira Epulo basi, ndipo miyezi yotsala dothi liuma gwa. Cifukwa ca ici mabwalo ambiri a mu Afrika anayamba opanda udzu pozungulira dzenje. M'malo mwace anathira mcenga wosakaniza ndi mafuta, ndipo munthu anausalaza wosewera asanamenye. Udzu unadza pamene madzi a m'mipope anapezeka. Nchito yonse yolemetsayi inagwiridwa ndi anthu akuda, amene m'masiku a atsamunda sanaloledwe kukhala ziwalo za makalabu. Anyamata onyamula ndodo, ochedwa makedi, anaphunzira masewerawa pongopenyerera.

Zinthu zinasintha dziko litalandira ufulu mu 1964. Bambo David Phiri, amene anasewera gofu m'gulu la sukulu yaikulu ya Oxford, ndipo pambuyo pace anakhala mkulu wa Bank of Zambia, anathandiza kulinganiza bwalo la ku State House, kumene Dr. Kenneth Kaunda anali kusewera. Mpikisano wa Zambia Open unayamba mu 1972, ndipo unakoka akatswiri a kunja. Ian Woosnam wa ku Wales anapambana mu 1985.

Tsono wofufuza mbiriyi ayambire kuti? Poyamba apemphe mabuku a misonkhano ya kalabu, m'mene alembamo ndalama zogulira mbeu ndi malipiro a anchito. Kaciwiri apite ku National Archives of Zambia ku Ridgeway, kumene asunga makalata a Boma ndi manyuzipepala akale monga Northern News ndi Central African Post. Mapu akale ndi zithunzi zojambulidwa m'ndege zionetsa pamene dzenje linasunthidwa. Koma mapepala onsewa achula kawirikawiri Azungu a m'komiti okha. Wanchito amangolembedwa ndi dzina limodzi, kapena m'ciwerengero cabe.

Cotero umboni woposa uli m'kamwa mwa okalamba. Ku Kabwata, kumene Boma linamangira anchito akuda nyumba zozungulira, ndi m'makomboni a kumigodi, ndiko koyenera kufunsa za makedi akale ndi ana a osunga udzu. Wofunsa alembe dzina lonse la munthu, mudzi wace, zaka zimene anagwira nchito ndi amene anamphunzitsa. Pambuyo pace ayerekeze mau amenewo ndi a m'mabuku, pakuti cikumbukiro cimasokoneza zaka.

Nchito imeneyi ifunika cangu. Mnyamata amene ananyamula ndodo mu 1955 ali ndi zaka khumi, lero wapitirira zaka 80. Amene ali ndi agogo otere awafunse akali moyo, ndipo cithunzi kapena kalata ya nchito imene iri m'sutikesi isungidwe bwino, kuti ana adziwe amene anakonza mabwalo amenewa.