Pisitoni ya injini ya boti: imatha bwanji, nanga iyenera kusinthidwa liti?

Dzuwa likamalowa pa magombe a ku Mangochi, Senga Bay, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, maboti a injini amalunjika pakati pa nyanja ya Malawi atanyamula nyali ndi ukonde wa chilimila, kukasaka usipa. Ambiri mwa mabotiwa amayenda ndi injini za mtundu wa two-stroke, monga za Yamaha Enduro, zomwe asodzi amazikonda chifukwa n'zopepuka komanso n'zosavuta kukonza. Koma mkati mwa injini iliyonse muli kachitsulo kotchedwa pisitoni, kamene kamaperepeseka pang'onopang'ono popanda woona. Kakafa usiku, mphepo ya mwera itayamba, pachiswe pamakhala miyoyo ya anthu.

Kodi pisitoni imagwira ntchito yanji?

Pisitoni ili ngati kakapu kovundikira, kopangidwa ndi aluminiyamu, ndipo imakwera ndi kutsika mkati mwa silinda. Ikakwera imapanikiza mpweya wosakanizana ndi petulo, pulagi n'kuyatsa moto, ndipo kuphulikako kumaikankhira pansi. M'mbali mwake muli mizere momwe mumakhala maring'i, amene amatseka mpata kuti mphamvu isathawe.

Mu injini ya galimoto moto umayaka kamodzi injiniyo ikazungulira kawiri, pamene mu two-stroke umayaka pa kuzungulira kulikonse. Injini ya boti imene ikuzungulira ka 5,000 pa mphindi ndiye kuti pisitoni yake ikulandira moto koposa ka 80 pa sekondi imodzi. Kuonjezera apo, silinda ya two-stroke ili ndi zibowo m'mbali zolowetsera mafuta ndi kutulutsira utsi, ndipo pisitoni yomweyo ndiyo imazitseka ndi kuzitsekula. Maring'i amadutsa pa zibowozi nthawi zonse, ndipo mbali yoyang'ana kotulukira utsi imatentha kwambiri kuposa inzake.

N'chiyani chimaifupikitsa moyo?

Choyamba ndi oyilo. Injini ya two-stroke ilibe mosungira oyilo pansi monga galimoto. Oyilo wake amalowa pamodzi ndi petulo n'kupsera limodzi. Injini zambiri za maboti zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza theka la lita pa chigubu cha malita 25. Ikakhala yatsopano, kapena itangoikidwa pisitoni ina, opanga ambiri amalangiza kuwirikiza oyiloyo pa maola 10 oyambirira. Oyilo akachepa, pisitoni imakhuzana ndi khoma la silinda n'kuyamba kukalika. Akachuluka mopyola, amasiya mwaye umene umamata maring'i m'mizere mwake. Oyilo wa galimoto naye si woyenera, popeza sanapangidwe kuti azipsa. Wa injini za maboti amakhala ndi chizindikiro cha TC-W3 pa botolo.

Chachiwiri ndi kutentha. Injini ya boti imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja omwe amakokedwa ndi kampira ka mapiko kotchedwa impeller. Kampiraka kamatha msanga boti likamakokeredwa pa mchenga injini ikulira, kapena ikalizidwa pamtunda popanda madzi. Kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo kwa injini ndi umboni wakuti kampirako kakugwira ntchito. Kakasiya kutuluka, pisitoni imafufuma ndi moto n'kukanirira mu silinda m'mphindi zochepa chabe.

Chachitatu ndi petulo. M'zaka zaposachedwapa mafuta akhala akusowa kawirikawiri m'Malawi, ndipo ambiri akhala akugula a m'zigubu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini. Zinyalala zikatseka timabowo ta mu kabyuleta, mafuta amalowa ochepa, mpweya n'kuchuluka. Moto wotere umatentha kwambiri, ndipo popeza oyilo amadzera m'mafuta momwemo, nayenso amachepa. Pamwamba pa pisitoni pakhoza kusungunuka mpaka kubooka.

Phunziro lochokera ku maiko ozizira

Injini za mtundu womwewu zimayendetsanso ma snowmobile, tinjinga tamoto toyenda pa chipale chofewa ku Canada, Finland ndi kumpoto kwa America, tomwe tinafala Joseph-Armand Bombardier wa ku Quebec atayamba kugulitsa Ski-Doo mu 1959. Injini zake zimazungulira mpaka ka 8,000 pa mphindi, ndipo eni ake ambiri ali ndi chizolowezi chowerengera makilomita n'kusintha mapisitoni injini ikadali kuyenda bwino. Iwo amadziwa kuti ikafera kutali ndi mudzi m'nyengo yachisanu, munthu akhoza kufa ndi kuzizira.

Kumeneko n'kodziwikanso vuto la kuthamangitsa injini isanatenthe. Pisitoni ya aluminiyamu imafufuma msanga kuposa silinda yoizinga, choncho woyendetsa akangoliza n'kukoka moto wonse nthawi yomweyo, pisitoniyo imathina n'kukalika. Nyanja ya Malawi ilibe chisanu chotere, komabe lamulo lake ndi lomweli: injini ipatsidwe mphindi zingapo ikulira pang'onopang'ono boti lisanathamange.

Nanga isinthidwe pakapita nthawi yaitali bwanji?

Palibe nambala imodzi yokwanira injini zonse. Njinga zamoto za mpikisano, monga zothamanga m'chipululu cha ku Dubai komwe mchenga umalowa ndi mpweya, zimasinthidwa pisitoni pakangotha maola makumi ochepa. Injini ya boti imazungulira modekha ndipo sipuma fumbi, motero yosamalidwa bwino imatha zaka pisitoni isanasinthidwe. Koma boti la usodzi lopita panyanja pafupifupi usiku uliwonse, litalemedwa ndi ukonde, nsomba ndi anthu, limadya maola ambiri m'chaka chimodzi kuposa boti la alendo ocheza. N'chifukwa chake kulemba maola m'kabuku kumathandiza kuposa kuwerenga zaka.

Chotsimikizira chenicheni ndi kupima. Makaniko amachotsa pulagi n'kulowetsapo geji yopimira kompuresheni, yomwe ndi mphamvu imene pisitoni ikupanikizira mpweya. Pa injini ya masilinda awiri, manambala ayenera kuyandikana. Akasiyana ndi 10 peresenti kapena kuposerapo, ndiye kuti mkati muli vuto. Kupima injini ikadali yabwino n'kusunga nambalayo kumathandiza kuona kutsika kwake m'tsogolo. Injini ikatsekulidwa, makaniko amapimanso mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda komanso wa kumapeto kwa ring'i, n'kuyerekeza ndi malire olembedwa m'buku la opanga.

Zizindikiro zina mwini wake angathe kuziona yekha: injini yovuta kulira m'mawa, chingwe choliza chomwe chayamba kukokeka mopepuka, mphamvu zochepa boti litanyamula katundu wa masiku onse, kumwa mafuta ambiri, komanso kaphokoso kogogoda mkati.

Mtengo wa kuzengereza

Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zochokera kunja zinakwera mtengo, ndipo n'zomveka kuti mwini boti amafuna kuyendabe ndi injini mpaka itaima yokha. Komatu pisitoni yotha sifa yokha. Ikayamba kugwedera, m'munsi mwake mukhoza kusweka, kapena ring'i ikhoza kukodwa pa chibowo n'kuthyoka. Tizidutswa take timakala silinda ndi kuwononga mabering'i. Ntchito yomwe ikanangofuna pisitoni, maring'i ndi magasiketi imasanduka yokulitsa silinda ku makina ndi kugula pisitoni yokulirapo ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50, mwinanso kugula injini ina.

Nthawi yabwino yopimitsa injini ndi mwezi wa Epulo, mwera usanalimbe pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Boti likakhala pagombe masiku awiri kudikira makaniko, mwini wake amataya nsomba za masiku awiriwo. Injini ikazima pakati pa mafunde, onse okwera amatsala ndi nkhafi zokha, pa nyanja yotalika makilomita oposa 500 ndi yakuya pafupifupi mamita 700.