Nyimbo za Akapolo Zimene Zinagwira Mtima wa Dvořák

Mu 1892 Antonín Dvořák, katswiri wopeka nyimbo wa ku Bohemia, anafika ku New York kudzatsogolera sukulu ya zoimbaimba ya National Conservatory. Kumeneko wophunzira wina wakuda, Harry Burleigh, ankamuimbira nyimbo zauzimu zimene anazimva kwa agogo ake, omwe anakhalapo akapolo.

Dvořák anatengeka nazo kwambiri. Sanakopere nyimbozo ayi, koma anapeka zake zomveka mofanana nazo, n'kuthiramo chisoni cha mlendo wopukwa kwawo. Simfoni yake yachisanu ndi chinayi, imene anaipeka motero, From the New World, inaimbidwa koyamba ku Carnegie Hall pa 16 December 1893, ndipo anthu anaombera m'manja mosalekeza.

Inu otsogolera makwaya ku Mchesi, kafuneni gawo lachiwiri la simfoniyi pa YouTube, mukamvetsere limodzi ndi oimba anu.