Mutu 9: Udon, Kapenta ndi Mlendo Wachisilamu

Msilamu akafika m'dziko lachilendo, chimodzi mwa zinthu zomwe zimamusowetsa mtendere ndi mbale. Chakudya chikhoza kununkhira bwino, mwini malo n'kukhala waulemu, koma mumtima funso limakhalapobe: kodi mumsuzimu mwalowa chiyani? Ku Japan funsoli ndi lalikulu, chifukwa chakudya chomwe alendo amachilakalaka kwambiri, ma noodles, chimabisa zambiri mumsuzi. Yankho lina lomwe anthu a kumeneko apeza ndi lophunzitsa mlendo kuphika yekha. Mutu uno ukufotokoza nzeru imeneyi, ndi momwe ingagwirire ntchito ku Kanyama, Chawama, Matero ndi makomboni ena a Lusaka.

Mitundu itatu

Ma noodles otchuka ku Japan alipo mitundu itatu. Udon ndi wonenepa, woyera, wopangidwa ndi fulawa wa tirigu, mchere ndi madzi basi. Dera la Kagawa, pa chilumba cha Shikoku, ndilo limatchuka nawo. Soba ndi wowonda, woderako, ndipo ufa wake umachokera ku mbewu yotchedwa buckwheat. Ramen, yemwe anachokera ku China, ndi wa tirigu nayenso, koma pokanda amathiramo madzi a soda otchedwa kansui, omwe amamupatsa mtundu wachikasu ndi kutanuka. Mayi aliyense wodziwa kutcheza chidulo akuidziwa kale nzeru imeneyi, ndipo pa zilumba za Okinawa anthu akale ankagwiritsadi ntchito madzi a phulusa la nkhuni pokanda ma noodles awo.

Pomwe pagona vuto

Chisilamu chimaletsa nkhumba, magazi, nyama yofa yokha, nyama yosazingidwa m'dzina la Allah, komanso zoledzeretsa. Fulawa, mchere ndi madzi zilibe mlandu. Vuto limayambira mumphika wa msuzi.

Msuzi wa ramen wotchedwa tonkotsu, wa ku Fukuoka, umapangidwa pobwatitsa mafupa a nkhumba kwa maola ambiri mpaka madzi atayera. Pamwamba pa mbale amayalapo nthuli za nkhumba zotchedwa chashu. Ngakhale msuzi womwe akuti ndi wa nkhuku, ophika ambiri amasakanizamo mafupa kapena mafuta a nkhumba kuti ukome. Udon ndi soba zimaoneka zosaopsa chifukwa msuzi wake ndi wa nsomba, koma umo amathiramo mirin, chotsekemeretsa cha mpunga chomwe chimakhala ndi mowa pafupifupi 14 peresenti, ndiponso sake, womwe ndi mowa weniweni. Sosi wa soya nayenso amakhala ndi timowa pang'ono tobwera powira. Pa za sosiyu mashehe amasiyana maganizo, n'chifukwa chake makampani ena amapanga wapadera wokhala ndi chizindikiro cha halaal.

Nthawi zina choletsedwacho sichioneka n'komwe. Mu Januwale 2001, kampani ya Ajinomoto inachotsa zokometsera zake m'misika ya ku Indonesia zitadziwika kuti pa gawo lina lozipanga panagwiritsidwa ntchito chinthu chochokera ku nkhumba. Choncho Msilamu akamafunsa mafunso ambiri asanadye, tisamuyese wamatama. Ali ndi chifukwa.

Kuphika ndi manja ako

Mu Julaye 2013 boma la Japan linalola nzika za Malaysia ndi Thailand kulowa kwa nthawi yochepa popanda viza, ndipo chakumapeto kwa 2014 linafewetsanso malamulo kwa nzika za Indonesia. Malaysia ndi Indonesia ndi mayiko omwe anthu ambiri ndi Asilamu, moti alendo ofuna chakudya cha halaal anachuluka. Mabwalo a ndege a Narita ndi Kansai anakonza zipinda zopemphereramo, ndipo malo ena odyera anayamba kuphika ramen wa nkhuku yozingidwa bwino.

Kuphunzitsa alendo kupanga ma noodles sikunali kwachilendo. Ku Kotohira, m'dera la Kagawa, kuli sukulu ya Nakano komwe alendo amakanda udon okha, ndipo ku nyumba zosungirako mbiri ya Cup Noodles, ku Ikeda ndi ku Yokohama, anthu amakanda ndi kudula ramen ndi manja awo. Aphunzitsi ena m'mizinda ngati Tokyo, Osaka ndi Kyoto anatenga mwambo umenewu n'kuukonzera Asilamu. Amagula nkhuku ya halaal, amasiya mirin ndi sake, shuga n'kulowa m'malo mwake, ndipo amasunga mipeni, miphika ndi matabwa odulirapo zomwe sizinakhudzepo nkhumba. Wophunzira amaona botolo lililonse lisanatsegulidwe. Pofika nthawi yodya, palibe choti afunsenso, pakuti zonse zadutsa m'manja mwake.

Nkhani yomweyi m'makomboni a Lusaka

Zambia inalengezedwa kuti ndi dziko lachikhristu mu 1991, nthawi ya Frederick Chiluba, ndipo Asilamu ndi ochepa poyerekeza ndi Akhristu. Komabe ku Lusaka alipo a mitundu yosiyanasiyana: mabanja a amalonda omwe makolo awo anachokera ku India, Ayao omwe makolo awo anabwera kuchokera ku Malawi kudzafuna ntchito, anthu a ku Somalia omwe ambiri amakhala ku Chaisa, ndi eni nthaka omwe analowa Chisilamu. M'komboni anthuwa sakhala kwaokha. Pa poloti imodzi mabanja angapo amatunga pa mpopi umodzi, kubwerekana miphika, ndi kukumana pa maliro ndi pa ukwati.

Apa mafunso omwe mlendo wachisilamu amafunsa ku Japan amabweranso tsiku ndi tsiku. Kodi michopo iyi sinawotchedwe pa waya umodzi ndi nkhumba? Kodi mafuta okazingira vitumbuwa sanakazingire soseji? Kodi nkhukuyi anazinga ndani? Makolo athu anapeza kale yankho labwino. Pakakhala phwando kapena maliro, mbuzi amaipereka kwa mnansi wachisilamu kuti aizinge, kuti aliyense adye popanda kukayika. Mwini khomo sataya kanthu pochita zimenezi, ndipo mnansi amadziwa kuti amuwerengera.

Ma noodles nawonso anafika kale pa kantemba. Aja a m'timapaketi anayambitsidwa ndi Momofuku Ando wa kampani ya Nissin ku Japan mu 1958. Indomie wa ku Indonesia anawafalitsa kwambiri mu Africa, ndipo ku Lusaka kampani ya Java Foods, yomwe Monica Musonda anayambitsa mu 2012, inabweretsa eeZee. Ana a sukulu ndi anyamata okhala okha amawakonda chifukwa amapsa m'mphindi zochepa ndipo sadya malasha ambiri. Msilamu wosamala amayamba watembenuza paketi kufuna chizindikiro cha halaal, popeza chinsinsi chili m'kapepala ka zokometsera kaja. Koma wokanda yekha safunikira chizindikiro.

Udon pa mbaula

Chosangalatsa n'chakuti udon wa ku Kagawa ndi wapafupi ndi zakudya zathu kuposa momwe ambiri angaganizire. Msuzi wake amaupanga ndi tinsomba touma totchedwa iriko, tofanana kwambiri ndi kapenta wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu yemwe amagulitsidwa ku Soweto Market. Nsomba sifuna kuzinga, ndiye nkhawa imodzi yatha kale.

Tengani fulawa wokwana magalamu 500. Sungunulani mchere wa magalamu 25 m'madzi a mamililita 230, ndipo muziwathira pang'onopang'ono uku mukusakaniza ndi zala mpaka fulawa atasanduka timibulu. Umbani mpira umodzi. Udzakhala wolimba kuposa wa chapati, moti manja satha kuukanda bwino. Uikeni m'jumbo yolimba yatsopano, yalani nsalu yoyera pamwamba, n'kuupondaponda ndi zidendene. Ukaphwatalala, utulutseni, muupinde, muupondenso, kanayi kapena kasanu. Umu ndi momwe amachitira eni ake a ku Kagawa, ndipo ana amaikonda ntchito imeneyi. Kenako usiyeni m'jumbomo kwa ola limodzi kapena awiri kuti ufewe.

Podikira, konzani msuzi. Sankhani kapenta wamkuluko wodzaza dzanja, mumutsuke kuti mchenga ndi mchere wambiri zichoke, ndipo mudule mitu ndi kuchotsa matumbo, chifukwa n'zomwe zimawawitsa. Mumuviike m'madzi ozizira okwana lita imodzi kwa theka la ola, kenako muike pamoto wochepa kwa mphindi 10, mukuyengula thovu. Sefani. Madziwo adzakhala onunkhira nsomba. Thiranimo sosi wa soya wa halaal, kashuga pang'ono ndi mchere wolawa.

Wazani fulawa patebulo, mufutukule mtanda uja ndi mpini wa chapati kapena botolo loyera mpaka utapyapyala kufika mamilimita atatu. Wazaninso fulawa, muupinde patatu, n'kuudula timizere ta mamilimita atatu ndi mpeni wakuthwa. Ponyani timizereto m'madzi ambiri owira kwa mphindi 10 kapena 12. Zikapsa, zitsukeni m'madzi ozizira omwe munawiritsa kale kapena kuthira klorini, pokumbukira kuti kolera wavutitsa Kanyama ndi makomboni ena kangapo, monga mu 2017 ndi 2018 komanso kumayambiriro kwa 2024. Zitenthetseninso mumsuzi, pamwamba muikepo anyezi wa masamba, repu wofutsa kapena dzira.

Chomwe tingatengepo

Gulu la amayi la ku mzikiti kapena ku tchalitchi, ngakhale achinyamata ofuna kabizinesi ku Kalingalinga, Mtendere kapena George, akhoza kuphunzitsa chakudya chimenechi ndi mbaula ziwiri, tebulo ndi beseni. Malamulo ake ndi ochepa: ziwiya zikhale zapadera, chilichonse cholowa mumphika chionetsedwe, nyama ikakhalapo idziwike yemwe anaizinga, ndipo wophunzira afunsidwe zomwe sadya asanafike. Kufunsa kumeneku n'kofunika kuposa zonse, chifukwa Asilamu eni ake salingana pa tinthu tina, ndipo wodziwa malire ake ndi mwini wake. Mlendo yemwe wafunsidwa, n'kuloledwa kugwira ufa ndi mpeni, amadya mpaka kukhuta, ndipo mawa amabweranso ndi mnzake.